Nsomba Imene Ilindira Mvula

Nkhani ya lero iri ya kansomba ka ku South America kamene anthu a m'maiko ambiri amaweta m'nyumba zao m'thanki ya galasi, osati kuti akadye ai, koma kuti azikondwera pakukaona. Dzina lace ndi Corydoras. Ndi mbale wace wa mlamba, ngakhale kuti msinkhu wace sulingana konse ndi wa mlamba, pakuti mitundu yambiri ilekeza pa masentimita 5 kapena 7, monga cala ca munthu wamkuru, ndipo ina icepa koposa apo. Kusunga nsomba zimenezi nkosabvuta, popeza ziribe ndeu ndiponso sizisankha zakudya. Koma kuzicititsa kuti ziswane ndi mlandu wina. Munthu akhoza kukhala nazo zaka ziwiri kapena zitatu, zonenepa ndi zamoyo bwino, osaona dzira ngakhale limodzi, pamene mnzace amene adziwa cimene nsombazi zilindira apeza mazira atamamatira pa galasi kawiri-kawiri. Cimene zilindira ndi mvula.

Omvera amene anakulira pafupi ndi dambo sadzazizwa ndi mau amenewa. Palibe mlamba umene uikira mazira m'malimwe, pamene mitsinje yaphwa ndi kutsala maiwe a matope okha-okha. Milamba ilindira kufikira mvula itagwa yambiri ndi madzi atasefukira m'maudzu. Pamenepo ikwera usiku m'magulu kunka kumene madzi ali osaya, ndi kuikira mazira amene amamatira pa udzu womizidwa. Nzeru yace njoonekeratu: madzi atsopano abwera ndi tizirombo tambiri-mbiri toti ana adye, ndipo m'maudzu muli pobisala. Nsomba za Corydoras zitsata lamulo lomwelo kwao. M'timitsinje ta ku Brazil, Peru, Colombia ndi maiko ena a kumeneko zikhala pansi peni-peni, pa mcenga, m'magulu akuru, ndipo cizindikiro cakuti nyengo yoswana yakwana ndico madzi ozizira a mvula olowa mwadzidzidzi m'madzi ofunda a cilimwe. Tsono nchito ya woweta ndiyo kugwetsa mvula m'thanki.

Mbiri ya nsombazi m'manja mwa anthu njakale ndithu. Dzina lakuti Corydoras linaperekedwa ndi Mfalansa wina wophunzira za nyama, Lacépède, m'caka ca 1803, ndipo licokera ku mau awiri a Cigriki otanthauza cisoti ca nkhondo ndi khungu, cifukwa nsombayi iribe mamba, koma m'nthiti mwace muli mizere iwiri ya timafupa taphanthi-phanthi tosanjikizana ngati matailosi a pa denga. Mtundu wa mawanga-mawanga wochedwa paleatus unatengedwa ndi Charles Darwin pa ulendo wace wa pa ngalawa ya Beagle, ndipo Leonard Jenyns anaulemba m'buku m'caka ca 1842. Womwewo ndiwo unayamba kuswana m'nyumba, kwa Pierre Carbonnier mu mzinda wa Paris m'caka ca 1878, nthawi imene oweta analibe pampu ya magetsi kapena cotenthetsera madzi ca magetsi. Ici cisonyeza kuti nchitoyi siifuna zipangizo za mtengo wapatali kweni-kweni, ifuna maso. Lero mitundu yolembedwa maina iposa 170. M'caka ca 2024 akatswiri anagawanso banja lonselo m'magulu 7, kotero kuti nsomba zambiri zinalandira maina atsopano: aeneus inaikidwa m'gulu la Osteogaster, paleatus ndi panda m'gulu la Hoplisoma. Koma ogulitsa ndi oweta ambiri agwirabe dzina lakale, ndipo nkhani ino idzacita comweco.

Pali zinthu ziwiri m'thupi mwa nsombayi zimene woweta ayenera kudziwa asanaigwire. Coyamba ndi minga. Pa cipsepse ca pamsana ndi pa zipsepse ziwiri za m'mbali pali munga wolimba, umene nsomba iutambasula ndi kuuumitsa ikaopsedwa, monga icitira nkholokolo ya m'Nyanja ya Malawi. Ndipo mungawo uli ndi kaululu kowawa ngati mbola. Kuigwira ndi kaukonde nkuipweteka, pakuti minga ikola m'maso a ukondewo. Nkwabwino kuiingira m'kapu. Caciwiri ndi kapumidwe kace. Nthawi ndi nthawi nsomba icoka pansi ndi liwiro, nimeza mpweya pamwamba pa madzi, nibwereranso. Mpweyawo upita m'matumbo, ndipo ca kumapeto kwa matumbo mwazi utengako cimene thupi lifuna. Cifukwa cace thanki isadzazidwe kufikira pa cibvundikiro. Zikakwera kamodzi-kamodzi palibe kanthu, ndi cibadwa cao. Koma zikayamba kukwera kosaleka, ndiye kuti madzi aipa.

Woyamba kumene asathamangire mitundu yosowa. Mtundu wa aeneus, wa maonekedwe a mkuwa, umene unalembedwa koyamba kucokera ku cisumbu ca Trinidad m'caka ca 1858, ndiwo wofatsa mtima koposa yonse, ndipo nsomba zoyera za maso ofiira zimene zipezeka m'masitolo kawiri-kawiri ziri za mtundu womwewu. Ukonda madzi a madigiri 22 kufikira 26. Paleatus kwao nkozizira, kumwera kwa Brazil, ku Uruguay ndi ku Argentina, cotero isauka madzi akapitirira madigiri 25 masiku ambiri. Munthu wa ku cigwa ca Luangwa kapena ca Zambezi aganizire za October asanaigule, ndipo angacite bwino kusankha sterbai, imene ipirira madigiri 28. Panda, ya mawanga akuda m'maso ndi kumcira, ya ku Peru, imene inapatsidwa dzina m'caka ca 1971, njokongola zedi, koma iikira mazira owerengeka ndipo siikhululukira madzi a litsiro.

Agule zazing'ono 6 kapena 8 za mtundu umodzi, zikulire pamodzi. Nsomba ziwiri zokha zikhala mwamantha, zobisala-bisala, ndipo siziswana msanga. Zikakula, kusiyanitsa nkwapafupi ngati munthu aziyang'ana kucokera pamwamba: yaikazi njaikuru ndi yotambalala pamimba, yaimuna njaing'ono ndi yowonda. Oweta ambiri aika zazimuna ziwiri pa yaikazi imodzi. Mitundu yofanana-fanana isasanganizidwe m'thanki yoswanira, popeza ina ikwerana ndi kubala ana osadziwika mtundu, amene woweta wanzeru sangawafune.

Thanki ya malita 50 kapena 60 ikwana gulu lotere, ndipo yotambalala iposa yaitali m'mwamba. Pansi paikidwe mcenga wosalala wa kumtsinje, wotsukidwa ndi wowiritsidwa, wosapitirira masentimita 2. Apa mpofunika kusamala, pakuti pa milomo ya nsombayi pali tindebvu timene ifufuzira nato cakudya m'mcenga, ndipo miyala yakuthwa pamodzi ndi litsiro lobvunda zititha tindebvuto pang'ono-pang'ono kufikira titatsala zitsa. Sefa yoyenera ndi ya siponji yoyendetsedwa ndi mpweya, imene siimeza tiana. Ikhale iri kugwira nchito masabata 4 kapena kuposa apo nsomba zisanayembekezedwe kuswana. Muikidwenso zomera za masamba otambalala, kapena mtolo wa ulusi woluka nao majuzi, wowiritsidwa bwino. Madzi a m'mipopi ali ndi mankhwala ochedwa klorini, amene apha tizirombo ta matenda koma aononganso nsomba. Athiridwe mankhwala ocotsa klorini, kapena agone m'cidebe cotsegula usana ndi usiku asanalowe m'thanki.

Pali bodza lina lofala lakuti Corydoras ndi wosesa wa m'thanki, wokhala ndi moyo pa nyenyeswa zotsala kwa nsomba zina. Bodza limeneli lapha nsomba zambiri ndi njala, ndipo ndilo cifukwa cacikuru cimene ena saonera mazira. Nsomba yaikazi siingapange mazira ndi nyenyeswa. Kwa masabata awiri kapena atatu gulu lonse lidye zonona: nyongolotsi zotsukidwa ndi zodula-dula, mphutsi zofiira za m'madzi, ndi cakudya ca m'sitolo ca mtundu womira pansi, makamaka madzulo. Timphutsi ta udzudzu nato zitikonda, koma munthu asawete udzudzu pakhomo cifukwa ca nsomba; malungo safunsa ngati mwini nyumba ndi woweta.

M'masabata omwewo woweta apange cilimwe. Asinthe madzi pang'ono cabe, alole kuti atsike pang'ono m'thanki ndi kukhala ofundirako. Akaona kuti zazikazi zatupa mimba kotero kuti pogona pa mcenga zioneka ngati zitsamira pa mimbayo, nthawi ya mvula yafika. Madzulo acotse madzi gawo limodzi la magawo atatu, kapena theka, nabwezeremo madzi oyera ozizira koposa a m'thanki ndi madigiri 3 kapena 4, powathira pang'ono-pang'ono ndi keni yothirira ndiwo za m'dimba kuti agwe ngati madontho. Aonjezenso mphamvu ya pampu kuti madzi ayende monga mtsinje wodzala. M'nyengo yotentha madzi a m'mpopi aturuka ofunda, ndipo apa mtsuko wa dothi uthandiza koposa makina, pakuti madzi ogona m'mtsuko pa mthunzi azizira mwa muyeso wabwino. Madzi oundana a m'firiji asayesedwe. Kuzizira kwadzidzidzi kopitirira muyeso kufoketsa nsomba ndi kutsegulira khomo nthenda ya timadontho toyera pa khungu.

Nthawi zina mazira aoneka m'mawa mwace momwemo. Nthawi zina ai, ndipo woweta abwereze madzulo ali onse masiku 3 kapena 5. Zikakanabe, azileke, azidyetse bwino masabata ena awiri, nayesenso. Oweta ambiri a m'maiko osiyana-siyana aona kuti nsombazi zibvomera msanga pa tsiku limene kunja kuli kukonzeka mvula yeni-yeni, pamene mitambo yacita bii ndi kulemera kwa mpweya wa mlengalenga kuli kutsika, ngakhale ziri m'nyumba yotseka mazenera. Cotero wokhala ku Zambia ali ndi mwai kuyambira November kufikira March: mvula ya m'keni ikagwa pamodzi ndi ya kumwamba, nsomba sizikaika. Madzi a mvula nao akhoza kusanganizidwa ndi a m'mpopi, pokhapo asakhale a mvula yoyamba imene itsuka pfumbi la pa denga.

Kuswana kwace nkoyenera kuti munthu aleke nchito zina, akhale pansi aonerere. Zazimuna ziyamba kusakhazikika, zithamangira yaikazi uku ndi uku, zimaikhudza pamsana ndi tindebvu, ndi kumanjenjemera patsogolo pace. Yaikazi imka niyendera galasi ndi masamba, nitsuka malo ena ndi pakamwa. Pambuyo pace itembenukira yaimuna imodzi niika mutu wace pa mimba ya yaimunayo mopingasa, kotero kuti ziwirizo zipanga cithunzi ca lemba la T, ndipo yaimuna ipana tindebvu ta yaikazi ndi cipsepse cace ca m'mbali. Zikhala cotero kamphindi. Pomwepo yaikazi ilumikiza zipsepse zace ziwiri za pamimba kukhala ngati kathumba, niturutsira mazira owerengeka m'menemo, awiri, anai, kapena kuposerapo. Ipumula pang'ono pa mcenga, kenaka inyamuka ndi katundu wace, zazimuna ziri kuilondola, kufikira ipeza malo oikonda. Pamenepo ikanikiza mimba pa galasi ndipo mazira atsala atamamatira. Ibwereza zomwezo maora awiri kapena atatu, posinthana ndi zazimuna.

Funso limene linabvuta anthu zaka zambiri ndi ili: kodi mbeu ya yaimuna ifika bwanji ku mazira, popeza iri kumutu kwa yaikazi ndipo mazira ali kumimba? M'caka ca 1995 akatswiri a ku Japan, otsogozedwa ndi Masanori Kohda, anafalitsa zimene anaona pa mtundu wa aeneus. Iwo anapeza kuti yaikazi imwa mbeuyo, ndipo ipyola m'matumbo mwa liwiro lodabwitsa nituruka iri yamoyo m'kathumba muja pamodzi ndi mazira. Matumbo amene anazolowera kupititsa mpweya msanga ndiwo acititsa zimenezi kukhala zotheka. Alipo ena amene aganiza kuti pa mitundu ina mbeu ingoyenda ndi madzi m'mbali mwa thupi, ndipo mtsutsowo sunathe. Kwa woweta phindu la cidziwitsoci nlakuti asasokoneze nsomba pa nthawi imeneyi; kugogoda galasi kapena kuyatsa nyali yowala kungacititse kuti mazira ambiri aturuke opanda mbeu.

Dzira liri lonse lifanana ndi njere ya mawere. Aeneus yaikuru iikira mazira 100 kufikira 200, nthawi zina kuposa apo. Panda kawiri-kawiri siifika 30. Tsono pano mpamene payambira bvuto leni-leni, pakuti Corydoras siisamala ana. Cambo cisunga mazira ndi ana m'kamwa kufikira atalimba, koma nsomba iyi ikatha kuikira iiwala zonse, ndipo njala ikaigwira idya mazira ace omwe. Woweta acotse makolo, kapena acotse mazira. Patapita ora limodzi cikamba ca dzira cikhala citalimba kotero kuti munthu akhoza kulikunkhuniza pang'ono-pang'ono ndi nsonga ya cala coyera. Limamatira ku cala, ndipo alimata m'mbali mwa kabakuli kokhala ndi madzi a m'thanki yomweyo. Oopa cala agwiritsa nchito lumo, ndipo mazira a pa tsamba kapena pa ulusi angosamutsidwa pamodzi ndi tsambalo. Asaunjikidwe pamodzi, ndipo m'kabakulimo muziyenda timpweya tosaleka.

Mdani wa mazira ndi cuku. Dzira lokhala ndi moyo lisanduka lofiirira ndi kumka lida tsiku ndi tsiku. Dzira lopanda mbeu liyera ngati ufa, ndipo posacedwa limera ubweya woyera umene utambalalira ku mazira abwino oyandikana nalo. Usiku umodzi wa ulesi ukhoza kutha theka la mazira onse. Woweta ayang'ane m'mawa ndi madzulo, nacotse oyerawo ndi kodonthezera mankhwala. Ambiri athira dontho la mankhwala ochedwa methylene blue kufikira madzi asanduka obiriwira pang'ono ngati thambo, nawasungunula ndi madzi oyera pamene tsiku loswa liyandikira. Kabakuli kakhale pa mthunzi. Pa madigiri 24 kapena 25 mazira aswa patapita masiku 3 kufikira 5. M'madzi ozizira acedwerapo.

Tiana tituruka tiri ndi kathumba ka cakudya pamimba, ndipo masiku awiri kapena atatu oyamba sitifuna kanthu. Cakudya cothiridwa pa nthawiyo cingobvunditsa madzi. Kathumbako kakatha, tipatsidwe tizirombo ta m'madzi a mcere tochedwa Artemia, timene mazira ace agulitsidwa ouma ndipo aswa m'botolo la madzi a mcere patapita tsiku limodzi kapena awiri. Posowa timeneti, cakudya ca nsomba copera ngati ufa cithandiza, ngakhale kuti tiana tikula nako mocedwa. Tidye pang'ono-pang'ono katatu kapena kanai pa tsiku, ndipo tsiku liri lonse zotsala zikokedwe ndi kapaipi kakang'ono. Tiana tambiri tifa m'masabata awiri oyamba, ndipo cotipha kawiri-kawiri si njala koma ubve wa pansi pamene tigona. Ndico cifukwa cace oweta ena amwaza kamcenga kopyapyala m'malo mosiya galasi lopanda kanthu. Madzi obwezera akhale ocepa, gawo limodzi la magawo khumi kapena asanu, ndipo alingane kutentha ndi a m'kabakuli. Madzi ozizira aja amene anadzutsa makolo angaphe ana.

Magetsi nao ali ndi mlandu wace. M'caka ca 2024, pamene cilala cinacepsa madzi a ku Kariba, magetsi a m'Zambia anali kuzima maora ambiri pa tsiku, ndipo nthawi yotere ikhoza kubweranso. Nsomba zazikuru zipirira pampu ikaima, popeza zimeza mpweya pamwamba, koma mazira ndi tiana tongoswa kumene tiribe mwai umenewo. Wofuna kuswetsa mazira akhale ndi kapampu ka mabatire. Posowa ako, asunge mazira m'mbale yotambalala ya madzi osaya, nabvundule madziwo mofatsa nthawi ndi nthawi.

Patapita mwezi umodzi tiana tiyamba kuoneka ngati makolo, ndipo tifuna thanki yaikuru. Pa miyezi itatu tifika masentimita 2 kapena kuposa pang'ono, msinkhu woti tigulitsidwe kapena kupatsidwa kwa anzace. Munthu aganiziretu kumene adzapereka ana 150 asanathire keni yace, pakuti kumtsinje sikuyenera konse. Asodzi a ku Kafue ndi ku Kariba adziwa kale zimene cinyama cacilendo cicita: nkhanu za ku Australia zochedwa redclaw, zimene zinapulumuka kumene anthu anali kuziweta, zaswana m'madzi amenewo ndipo zidya nsomba zokodwa m'maukonde. Ana amene woweta adzisungira akhwima patapita miyezi 8 kufikira caka cimodzi. Pa nthawi imeneyo asinthanitse zazimuna zace zina ndi za woweta wina wa mtundu womwewo, cifukwa nsomba za mimba imodzi zikaswana zokha-zokha mibadwo ingapo, ana ayamba kuturuka ofoka, ena opindika msana ndi ena ofupika zipsepse.